Mphindi za ku Maputo ndi mvula ya ku Tete

Pabwalo la a nyakwawa kwathu, kufupi ndi Ulónguè, mlandu wa malire a munda suyamba modzidzimutsa. Tsiku limanenedwa kudakali masiku, mthenga amayenda khomo ndi khomo, ndipo pofika m'mawa wa tsikulo aliyense wokhudzidwa amakhala atamva. Wodandaula amayala nkhani yake, woyankha amayankha, eni mbumba a mbali zonse amaikapo mawu, ngakhale agogo amene anaona nkhadze ya m'malire ikubzalidwa amawasiyira mpata. Koma bwalo siligonera. Munthu akayamba kubwereza zomwe wanena kale, nduna imamukhazika pansi. Dzuwa likapendeka mfumu imati tamva, n'kugamula. Wogonja amapita akung'ung'udza, koma sanena kuti anamutseka pakamwa, chifukwa mudzi wonse unamumva akuyankhula.

Nyumba ya Malamulo ya ku Maputo, Assembleia da República, nayonso ili ndi onena tsiku ndi okhazika anthu pansi. Ife kuno sitizilabadira zimenezi. Timangomva pawailesi kuti lamulo lakuti ladutsa, osafunsa kuti tsikulo anasankha ndani, mphindi anagawa ndani, ndipo amene anatsala ndi mawu kukhosi ndani. Pa malamulo okhudza kusintha kwa nyengo, mafunso amenewa ndi olemera ngati lamulo lenilenilo. Ine sindidana ndi malire a mtsutso. Ndikufuna kuti akhalepo, ndipo tsiku lovota lizidziwika. Chomwe ndikukana ndi malire amene amadula nthawi yomvera anthu akumudzi n'kusiya nthawi yoti aphungu azitamanda zipani zawo.

M'nyumbamo muli mipando 250, ndipo pa chisankho cha 2024 chigawo chathu cha Tete chinapatsidwa 23. Aphungu amakumana kawiri pachaka pa misonkhano ya nthawi zonse, ndipo gulu lomwe limakonza ntchito za misonkhanoyi ndi Comissão Permanente, momwe mumakhala mtsogoleri wa nyumbayo, omutsatira, atsogoleri a magulu a zipani ndi aphungu ena osankhidwa motengera kukula kwa chipani. Malamulo oyendetsera dziko amati bilu izikambidwa kawiri. Koyamba, komwe amati generalidade, amakambirana ngati mutu wa nkhaniyo ndi woyenera. Kachiwiri, especialidade, amapita ndime ndi ndime, ndipo nyumba ikafuna imatha kupereka ntchito imeneyi ku makomiti. Pomaliza onse amavotera bilu yonse pamodzi. Papepala dongosololi lilibe vuto. Nkhani yagona pa wotchi.

Nthawi yoyankhula imagawidwa ku magulu a zipani, amene amawatcha bancada, motengera mipando. Zotsatira zomwe Conselho Constitucional, bwalo lotsimikiza zotsatira za zisankho, inalengeza mu Disembala 2024 zinapatsa Frelimo mipando 171, Podemos 43, Renamo 28 ndi MDM 8. Tiyerekeze kuti mtsutso wapatsidwa mphindi 100 ndipo zagawidwa mwa masamu okhaokha: Frelimo itenga 68, Podemos 17, Renamo 11, MDM mphindi 3. M'mphindi zitatu munthu wa kwathu amakhala asanamalize n'komwe kupereka moni ndi kufunsa za odwala. Sindikuti kugawa kotereku ndi kuba. Chipani chokhala ndi aphungu ambiri chiyenera kukhala ndi nthawi yochulukirapo, ndipo m'maiko ambiri zimayenda choncho. Koma madzi osefukira safunsa khadi la chipani, ndipo lamulo la nyengo lidzamanga boma lino ndi maboma amene sanabadwe. Pa lamulo lotere gulu lililonse, ngakhale laling'ono bwanji, liyenera kuyamba lapatsidwa nthawi yokwanira kufotokoza mfundo mpaka kuimaliza, kenako zotsalazo n'kugawana motengera mipando.

Pali chinanso chomwe abale athu a tsidya la malire amadabwa tikawauza. Munthu wa ku Dedza amadziwa phungu wa dera lake ndi dzina, amadziwa nyumba yake, ndipo mlatho ukaguluka amadziwa khomo lokagogoda. Ife timavotera mndandanda wa chipani wa chigawo chonse. Palibe mpando wa Angónia, palibe wa Tsangano, palibe wa Mágoè. Aphungu 23 aja ndi a Tete yense, kuchokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara, ndipo amene amawaika pa mndandanda ndi chipani. Mphindi nazonso ndi za chipani. Phungu wobadwira ku Dómuè angakhale ndi mawu a anthu akwawo m'kamwa, koma ayankhula pokhapokha mtsogoleri wa gulu lake atamuika pa ndandanda ya tsikulo. Ndiye mtsutso ukafupikitsidwa, mawu oyamba kugwa ndi a dera, chifukwa chipani chimayamba chanena za chipani.

Wina anganene kuti ndiye tisiye aphungu ayankhule mpaka atope. Ayi. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa nkhani ya nyengo tazengereza mpaka kulira maliro. Kumayambiriro kwa Malichi 2019, namondwe Idai asanafike n'komwe ku Beira, mvula yake inasefukiritsa mtsinje wa Revúboè n'kumiza nyumba mumzinda wa Tete ndi ku Moatize. Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera mu 2020, ndipo ndi lomwe linabala INGD, bungwe la boma loona za ngozi, m'malo mwa lakale la INGC. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúboè womwewo, ndipo mkulu wa boma la Tete anafa galimoto yake itakokoloka ndi madzi ali pa ntchito yoyendera anthu ovutika. Ku Malawi nkhani ndi yomweyo. Lamulo lawo la ngozi linali la 1991, chaka cha napolo wa ku Phalombe, ndipo bilu yolisintha inagona zaka zambiri. Inadutsa mu Epulo 2023, patangopita milungu yochepa Freddy atapha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu.

Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pabwalo n'zoona. Koma bilu yosiyidwa m'kabati imaola pamodzi ndi milatho. Nyumba yopanda malire a mtsutso ndi yabwino kwa amene safuna kuti chilichonse chisinthe, chifukwa safunika kupambana pa voti, amangofunika kuchedwetsa. Choncho tsiku lovota liyenera kukhalapo, lolembedwa, losasunthika.

Koma taonani kuti kuzengereza ndi kupupuluma zimayendera limodzi. Bilu imene yagona zaka zisanu ndi yomwe imadzathamangitsidwa m'sabata imodzi tsoka likagwa, kapena msonkhano waukulu wa maiko ukayandikira ndipo nduna ikufuna kunyamula lamulo m'chikwama. Nthawi imene inatayika bilu ili m'kabati sibwezedwa kwa anthu. Imadulidwa pa gawo lawo lomwe, n'kumati nthawi yatha.

Ngati pali chigawo chomwe sichiyenera kulola zimenezi, ndi chathu. Lamulo lililonse la nyengo, likangotuluka ku Maputo, limatera ku Tete ndi mapazi onse awiri. Malasha a dziko lino ali ku Moatize, ndipo sitima zimawanyamula usana ndi usiku kupita ku Nacala kudzera m'dziko la Malawi, zina ku Beira. Lamulo lonena za kuchepetsa utsi likunena za ntchito za anyamata a m'migodi, za amayi ogulitsa chakudya pafupi ndi migodiyo, komanso za mabanja amene amayanika ufa n'kuupeza wada ndi fumbi. Anthu amenewa safuna chinthu chimodzi, ndipo onse ali ndi mfundo. Damu la Cahora Bassa lili ku Songo, ndi mphamvu ya ma megawati 2,075, ndipo magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa pamene midzi yambiri ya m'chigawo chino ikadali mumdima. Chilala cha 2023 mpaka 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba ndi ku Cahora Bassa, ndipo aliyense anaona kuti magetsi a madzi nawonso amadalira mitambo. Kumunsi kwa Cahora Bassa akukonza damu lina, Mphanda Nkuwa, la ma megawati 1,500, lomwe akulitamanda kuti ndi la magetsi osawononga mpweya. Asodzi ndi olima madimba m'mphepete mwa Zambezi ndi amene adzasamuke kuti magetsiwo ayake.

Ndiye kwerani kuno kumtunda. Ku Angónia ndi ku Tsangano timalima chimanga, nyemba, soya ndi kachewere zomwe zimadyetsa mizinda, koma mvula imene makolo athu ankaiwerengera ndi zala masiku ano imayamba, n'kudula milungu itatu mbewu zitamera, n'kudzabwera yokokolola mizere. Ku Macanga ndi ku Chifunde fodya ndiye ndalama, ndipo fodya amadya mitengo ya zigafa. Kumwera kwa Zambezi, ku Changara ndi ku Mágoè, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, chaka cha chilala banja limapulumukira mbuzi, malambe ndi makala. Ndime imodzi yoletsa kuotcha makala ingaoneke yanzeru kwa munthu wophikira gasi ku Maputo. Kwa mayi wa ku Changara amene mapira ake apserera, thumba la makala ndilo ufa wa sabata imeneyo. Sindikuteteza kutha kwa nkhalango, ndaona ndi maso anga mapiri amene anali obiriwira ndili mwana atasanduka dazi. Ndikungoti lamulo limene silinamve mayi ameneyu lidzalembedwa molakwika, ndipo lidzathera pa msewu, pamene wolondera ndi wonyamula thumba adzagwirizana mtengo wodutsira.

Tinaphunzira kale mtengo wa kusamva. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja opitirira 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi wa Moatize utsegulidwe, ambiri n'kuikidwa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize. Madandaulo awo a nthaka yosabereka, madzi ndi nyumba zong'aluka anamveka dziko lonse mu Januwale 2012, atatseka njanji. Malamulo a kasamutsidwe ka anthu anatuluka chaka chomwecho, anthu atasamuka kale. Amene sanapatsidwe mphindi patebulo anakazitenga pa njanji, ndipo zinapweteka mbali zonse.

Chaka china mu Disembala kunabwera alendo kwathu ndi nkhani yoteteza nkhalango ndi kubzala mitengo. Uthenga unafika madzulo kuti msonkhano ndi mawa m'mawa, m'kalasi ya pasukulu. Inali nthawi yopalira, ndipo amayi ambiri sanabwere, chifukwa udzu sudikira mlendo. Ine ndinapita ndi amalume. Alendowo anayankhula m'Chipwitikizi kwa ola lathunthu, womasulira n'kumakuta zonsezo m'mawu ochepa. Mafunso analola atatu, poti galimoto inali ndi ulendo wa kumudzi wina. Kenako pepala linazungulira kuti aliyense alembe dzina kapena adinde chala. Tikutuluka, amalume anandigwira pamkono.

"Mphwanga, iwe wapita kusukulu. Anthu awa anabwera kudzatimva kapena kudzatiwerenga?"

"Amalume, akuti pepalali ndi umboni woti tafunsidwa."

"Tafunsidwa chiyani? Ine ndimafuna kudziwa ngati mitengo ya m'dambo muja ndidzaloledwa kudulako ya denga."

Funso lawo linali la lamulo ndithu, lofunika ndime yakeyake, ndipo silinafike pena paliponse. Ndikamva mawu oti anthu anafunsidwa maganizo bilu isanapite ku Nyumba ya Malamulo, ndimakumbukira pepala lija. Kufunsa kumene kulibe tsiku lodziwika, chilankhulo chomveka ndi yankho lobwerera kwa wofunsidwa ndi kalembera chabe.

Maiko ena anadutsa m'njira zonse ziwiri, ndipo zotsatira zake zili poyera. Ku Britain boma linasindikiza bilu ya nyengo mu Malichi 2007 isanalowe m'nyumba, komiti ya aphungu a nyumba zonse ziwiri inaiunika n'kumva mboni, ndipo inakhala lamulo mu Novembala 2008, okana ali osakwana khumi. Maboma asintha kangapo chiyambire, lamulolo likadalipo. Koma mu Juni 2019, pokweza cholinga chochepetsa utsi kuchoka pa 80 kufika pa 100 peresenti pofika 2050, aphungu anakambirana mphindi 90 zokha, ndipo mpaka lero otsutsa amagwira pomwepo, kuti chinthu chachikulu chotero chinadutsa osakambidwa mokwanira. Ku America, nyumba ya Senate imafuna mavoti 60 mwa 100 kuti itseke mtsutso pa mabilu ambiri, ndipo malamulo a nyengo akhala akufera pa chipata chimenecho. Mu Ogasiti 2022 anadzera njira yapadera ya malamulo a bajeti, imene imalola maola 20 okha a mtsutso, ndipo lamulo lalikulu lothandiza magetsi a dzuwa ndi mphepo linadutsa ndi mavoti 51 kwa 50. Mu Julayi 2025 chipani china chinadzera njira yomweyo, ndi mavoti 51 kwa 50 omwewo, n'kuchotsa zambiri za m'lamulolo. Pasanathe zaka zitatu. Mtengo wa mbawa sukula m'zaka zitatu, ndipo damu silimangidwa m'zaka zitatu.

Chitsanzo chomwe chili pafupi ndi mtima wanga ndi cha South Africa, kumene magetsi athu amapita. Malamulo awo oyendetsera dziko amalamula nyumba ya malamulo kuti ipereke mpata kwa anthu popanga malamulo, ndipo si mawu okongoletsa pepala. Mu 2006 khoti lawo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linakana malamulo awiri a zaumoyo chifukwa anthu sanamvedwe mokwanira. Bilu yawo ya nyengo inalowa m'nyumba mu Febuluwale 2022, komiti inayenda m'zigawo kukamva anthu, ndipo pulezidenti anaisaina mu Julayi 2024. Inachedwa, ndipo ena anadandaula kuti inachedwa mopitirira. Koma nyumba ya kumeneko imadziwa kuti ikalumpha anthu, lamulo lingathe kugwa kukhoti. Ifenso malamulo athu oyendetsera dziko, pa ndime 90, amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'chilengedwe chabwino ndi udindo wochiteteza. Munthu angachiteteze bwanji ngati malamulo ake amawamva atadutsa kale?

Palinso njira ina yofupikitsira mtsutso imene ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa wotchi siyambitsidwa n'komwe. Nkhani zambiri za nyengo m'dziko lino sizifika kwa aphungu. Lamulo la chilengedwe ndi la 1997, la ngozi ndi la 2020, la nkhalango linakonzedwanso mu 2023, koma ndondomeko ya dziko yolimbana ndi kusintha kwa nyengo ya 2013 mpaka 2025 inavomerezedwa ndi nduna, ndipo malamulo ang'onoang'ono amene amanena zenizeni, monga a ntchito zogulitsa mpweya wosungidwa m'nkhalango, amatuluka ngati decreto, lamulo lovomerezedwa ndi nduna zokha. Pamenepa pali ndalama. Mu 2021 dziko lathu linakhala loyamba kulandira malipiro kuchokera ku thumba la nkhalango loyendetsedwa ndi World Bank, madola 6.4 miliyoni, chifukwa chochepetsa kudula mitengo ku Zambézia. Ndi nkhani yabwino. Koma funso loti ndalama zotere zikafika ku nkhalango za Marávia kapena Chifunde, mudzi udzalandira zingati, ndipo amalume adzaloledwa kudula mtengo wa denga kapena ayi, siliyenera kuyankhidwa m'chipinda chotseka. Dziko lino likudziwa bwino zomwe zimachitika zinthu zazikulu zikazemba aphungu. Ngongole zobisika za 2013 ndi 2014, zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni, boma linaziikira chikole Nyumba ya Malamulo isanavomereze, ndipo tonse tinazilipira ndalama yathu ya metical itagwa n'kukweza mtengo wa feteleza, sopo ndi mchere.

Ndiye ndikupempha chiyani? Kuti bilu iliyonse yokhudza nyengo, nkhalango, madzi kapena migodi ikangolandiridwa, kalendala yake yonse ilengezedwe tsiku lomwelo: miyezi yakuti ndi yomvera anthu m'maboma, masiku akuti ndi a komiti, tsiku lakuti ndi lovota. Tsiku lovotalo lisasunthe, kuti ochedwetsa asapeze pobisala. Miyezi yomvera anthuyo isadulidwe, kuti opupuluma asapezenso podzera. Ndipo miyeziyo isankhidwe ndi munthu wodziwa munda. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mlimi ali kubzala, kupalira ndi kubandira, misewu ya ku Tsangano ndi ku Macanga imakhala matope okhaokha, ndipo m'nyumba zambiri nkhokwe zapepuka, anthu ali pa ganyu. Epulo ndi Meyi ndi masika. Nthawi yomwe munthu wakumudzi angakhale pansi tsiku lonse n'kuganiza mofatsa ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti. Nyumba ya Malamulo imakumananso chakumapeto kwa chaka, nthawi yomwe imakambirananso bajeti. Zinthu zikugwirizana zokha: mverani anthu m'chilimwe, voterani chizimalupsa chisanaiwalike, ndipo ikani ndalama zake mu bajeti yomweyo.

Za chilankhulo sindingazisiye. Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, ndipo sindikulimbana nazo. Koma malamulo omwewo oyendetsera dziko amati zilankhulo zathu ndi chuma cha dziko choyenera kutukulidwa. Rádio Moçambique imaulutsa kale m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe kuchokera ku Tete, ndipo mawailesi a m'madera alipo. Kuwerenga mfundo zikuluzikulu za bilu pawailesi milungu ingapo msonkhano usanachitike sikungagwetse bajeti ya dziko. Munthu amene wamva bilu ali pakhonde pake, n'kukambirana ndi mkazi wake ndi anzake a kutchalitchi, amabwera ku msonkhano ndi funso lakupsa. Amene akuimva koyamba m'kalasi, kudzera mwa womasulira wothamangitsidwa, amangowomba m'manja mwaulemu.

Ndipo maso athu asamathere pa mtsutso waukulu umene umaonetsedwa pa kanema. Kumeneko nthawi yambiri imapita pa kuyamikira ndi kunyozana, ndipo ngati pali poyenera kudula, ndi pomwepo. Nyama ili ku especialidade, m'makomiti monga ya ulimi, chuma ndi chilengedwe, kumene mawu oti boma liyenera amatha kusanduka boma lingathe, ndipo gawo la ndalama lopita kumudzi limatha kukwera kapena kutsika. Misonkhano imeneyi ikhale yotseguka kwa atolankhani ndi mabungwe a alimi. Komiti ilembe poyera kuti ku Furancungo anthu ananena chakuti, tachitenga, ku Moatize ananena chakuti, tachisiya pa chifukwa chakuti. Nyumba yonse ili ndi mphamvu yoitanitsa ndime kuchokera ku komiti kuti ivoteredwe ndi aphungu onse. Pa ndime zokhudza kusamutsa anthu ndi kugawa ndalama, mphamvu imeneyi izigwiritsidwa ntchito, kuti tidziwe mmene aliyense mwa aphungu athu 23 anaimira.

Ndikudziwa zomwe a ku Maputo adzayankhe. Adzati kuyendetsa komiti m'zigawo zonse n'kodula, ndipo dziko lili ndi nkhondo ku Cabo Delgado ndi ngongole pakhosi. Adzati othandiza akunja ali ndi masiku awo, ndipo ndalama zikhoza kupita kwina tikachedwa. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona, ndipo sindiipeputsa, chifukwa anamondwe Chido, Dikeledi ndi Jude anagunda kumpoto motsatizana pakati pa Disembala 2024 ndi Malichi 2025, ndipo anthu amene madenga awo anauluka sangadye ndondomeko. Koma thandizo la pangozi silidikira lamulo latsopano, lili ndi lamulo lake kale. Zimene ndikunena ndi malamulo amene adzatilamulira zaka makumi awiri kapena atatu. Masiku a misonkhano ya maiko amadziwika chaka chisanayambe, choncho boma lofuna kufika ndi lamulo m'manja lingoyamba msanga. Za kudula, yerekezani mafuta a galimoto za komiti ndi mtengo womanganso mlatho, kapena wa sitima zoima pa njanji yotsekedwa.

Sitiyeneranso kudikira Maputo pa chilichonse. Tili ndi nyumba ya malamulo ya chigawo ku Tete, ndipo kuyambira chisankho cha 2019 bwanamkubwa amachokera pa voti yathu. Nyumba imeneyi singapange lamulo la dziko, koma palibe choiletsa kuitanitsa misonkhano m'maboma, kulemba zomwe anthu anena, n'kuzitumiza kwa aphungu bilu isanafike pa voti. Ku Assembleia da República kuli komiti yolandira madandaulo a nzika, ndipo mabungwe a alimi, mipingo ndi mafumu akhoza kulembera kumeneko, osapempha chimanga, koma kupempha tsiku.

Aphungu athu 23, a Frelimo ndi a zipani zotsutsa, amasiyana pa zambiri, koma onse amadziwa fungo la fumbi la Moatize ndi mmene Revúboè amaonekera akakwiya. Malamulo a kayendetsedwe ka nyumba yawo, Regimento, amalembedwa ndi kusinthidwa ndi aphungu eni ake, safuna chilolezo cha wothandiza wakunja. Pempho langa kwa iwo ndi loti apite limodzi kwa atsogoleri a magulu awo ndi ndime imodzi yokha, yoti bilu ya nyengo isavoteredwe komiti isanakhale pansi m'maboma okhudzidwa, ndipo isagonenso m'kabati kupitirira tsiku loikika. Mndandanda wa nkhani za msonkhano ukadzawerengedwa pawailesi, ine ndi amalume tidzatchera khutu kuti timve ngati pambali pa dzina la bilu pali Ulónguè, Furancungo, Moatize ndi Changara, aliyense ndi tsiku lake.